Tsiku Limene Ndinkapopa Tayala Losadwala

Ulendo wathu unali wa ku mapiri a Shenandoah, kukagona m'nkhalango monga amachitira azungu nthawi yotentha, koma mapiriwo sitinawaone ngakhale patali. Tinanyamuka ku Gaithersburg Loweruka m'mawa pa galimoto yokhala ndi bedi, chitofu, chimbudzi ndi makatani. Tinabwerako madzulo a tsiku lomwelo pa sitima, mapoto ali pamiyendo. Zimene zinachitika pakatipo ndi ntchito ya manja anga, ndipo chilichonse ndinkachichita ndi mtima wabwino.

Galimotoyo ndinaigula kwa a Tembo, mnzanga wa ku Lusaka amene tinkagwira naye ntchito ku nyumba yosamalira okalamba. Anthu a kuno amangoitcha RV, zilembo ziwiri basi, koma ndi nyumba yathunthu yokhala pa matayala asanu ndi limodzi: awiri kutsogolo, anayi kumbuyo, awiriawiri mbali iliyonse, ogundana ngati mapasa. Inali yakale, ya mizere yofiirira m'mbali, ndipo m'kati munkamveka fungo la agalu a mzungu amene anawagulitsa a Tembo. Ine ndinkakhala pa fulati ya zipinda ziwiri, pansanjika yachitatu. (Musandifunse chifukwa chimene munthu wosowa ngakhale poimika kagalimoto kake kakang'ono anagulira chinyumba chotero. Mkazi wanga Esnati anafunsa kale, ndipo yankho akuliyembekezerabe.) Kunyumba tinkangoitcha Chinyumba, ndipo chinkagona kutali, pa bwalo lolipira losungirako magalimoto akuluakulu.

Tsiku londipatsa makiyi, a Tembo anazungulira Chinyumba akumenya matayala ndi nsapato.

"Mudala, iyi motoka siivuta," iwo anatero. "Chabe muziyang'ana matayala maningi. Ngati imodzi yapolika pa haiwe, nyumba yonse iyenda mu ngalande, na mapoto, na apongozi."

Mawu akuti apongozi anandilasa, chifukwa apongozi anga aakazi analipodi. Anabwera kuchokera ku Ntcheu mwana wathu woyamba, Tadala, atangobadwa, ndipo nthawi yawo yobwerera inali itayandikira. Miyezi yonseyo dziko la Amereka analionera pawindo la kukhitchini. Ankadziwa njira ya kutchalitchi, ya kuchipatala ndi ya kusitolo ya Amwenye kumene tinkagula therere, basi. Kumudzi mkamwini amaonetsa mphamvu zake kumunda kwa apongozi, koma kuno munda ndinalibe. Ndinaganiza kuti khasu langa likhale Chinyumba: ndiwatengere kumapiri, akabwerera akanene kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu woyenda ndi nyumba yake pamsewu.

Ndinene pano kuti ine ndi apongozi anga sitinkalankhulana maso ndi maso. Sikuti panali chidani, ndi ulemu wa kwathu chabe, ndipo iwo anausunga ngakhale pa fulati pamene mukayetsemula kuchipinda wa pabalaza amayankha. Mawu onse ankadutsira kwa Esnati. Ndikhale ndili pomwepo, iwo ankati, "Uwauze abambo ake a Tadala kuti madzi atentha." Esnati ankanditembenukira n'kunena kuti, "Mwamva." Umu ndi mmene tinkakhalira, mwamtendere ndithu.

Tsono mantha a matayala aja anandigwira. Ku bwalo losungirako magalimoto kunali mzungu wina wachikulire, mwini wa RV yaikulu ngati basi ya ku Joni, ndipo tsiku lina anandiitana kuti ndione kabokosi kamene anamata pafupi ndi chiwongolero. Kanali ndi chithunzi cha galimoto, ndi nambala pa tayala lililonse. Anati kamamuuza kuchuluka kwa mpweya galimoto ikuyenda, ndipo tayala likayamba kuphwa kamalira. Ndinachoka pamenepo ndili ngati munthu woona masomphenya. Masiku otsatirawo ndinkangokhala pa kompyuta kuwerenga zimene eni ma RV amakangana. Ndinaphunzira kuti zipangizozi zilipo mitundu iwiri. Zina amaziika m'kati mwa tayala, zofunika kugaraja, kuchotsa matayala onse. Zina n'zongomanga pa valavu, pamene pamakhala kachivindikiro kakuda kaja, munthu wekha ndi zala zako. Palinso zongoyatsa getsi lofiira ndi zoonetsa manambala. Ine ndinasankha zomanga ndekha, chifukwa sindifuna kuti ulemerero wanga ugawidwe ndi makaniko, komanso za manambala, chifukwa manambala ndimawakonda ngakhale pamene sindikuwamvetsa.

Katunduyo anafika Lachinayi. Munali kabokosi kaja ndi timasensa toyezera mpweya tisanu ndi kamodzi, takuda, tofanana ngati nyemba za m'thumba limodzi, kalikonse kukula ngati chivindikiro cha botolo. Lachisanu masana ndinapita ku Chinyumba kukatiphunzitsa ntchito. Kachitidwe kake n'kosavuta: umasankha tayala pa kabokosi, n'kumanga kasensa pa tayala lomwelo, kabokosi n'kulira kamodzi, ndiye kuti zadziwana. Kuyambira pamenepo kabokosi kamakhulupirira kuti kasensa kameneko ndi ka tayala limenelo mpaka kalekale. Matayala am'kati akumbuyo ndiwo anandivuta, chifukwa valavu yake imatulukira pa kachubu ka labala kotalikitsa, ndipo umafunika kulowetsa dzanja pabowo la wilo ngati ukusaka mbewa kuuna. Komabe ndinamaliza. Matayala onse anaonetsa 80, nambala imene imafunika. Ndinakhala pampando wa dalaivala ndikumwetulira ndekha.

Kenako nzeru za ku Ndirande zinandibwerera. Ndinati, tinthu tokongola chonchi tigone panja? Mawa ndidzapeza mavalavu okhaokha. (Pa bwalolo panali mpanda, makamera ndi mlonda. Magalimoto oyandikana nane anali a anthu amene sakanatola timasensa tanga ngakhale titagwa pakhomo pawo.) Ndinatimasula tonse. Kuti tisasokonezeke, ndinatenga kathireyi ka mazira kopanda kanthu kamene ndinapeza m'kabati, ka mabowo asanu ndi limodzi ndendende, ndi kutiika mwadongosolo: mzere uwu a kumanzere, mzere uwo a kumanja, kuyambira kutsogolo kupita kumbuyo. Ndinatseka, ndinapita nako kunyumba, ndinakaika patebulo, ndikudzitamandira mumtima kuti ndi anthu ochepa amene akanaganiza za kathireyi ka mazira.

M'mawa mwake kathireyi patebulo panalibe. Ndinafufuza pansi pa mipando, m'chikwama cha matewera, mpaka ndinakapeza mufiriji, pakati pa mkaka ndi majarini. Ndinaseka, ndinakatenga, ndinathamangira ku Chinyumba. Ndinatsegula ndi kumanga timasensa motsatira mizere, monga ndinakonzera. Kabokosi kanaonetsa 80 paliponse. Sizinandidutse m'mutu kuti kathireyi ka mazira kalibe mutu kapena mchira.

Ndinafika nacho Chinyumba pakhomo pa fulati ndikuimba hutala pang'onopang'ono kuti anansi asuzumire. Tinalongedza mpunga wa Kilombero umene apongozi anabwera nawo, nkhuku yokazinga, mandasi odzaza chidebe, mabulangeti, mapoto, ndi mpando wa Tadala. Esnati anakhala kutsogolo ndi mapu amene ndinasindikiza pa kompyuta. Apongozi anakhala pa tebulo la kumbuyo, pafupi ndi mwana, atavala duku latsopano, chikwama chili pamiyendo ngati ali pa basi ya ku Lilongwe.

Titalowa mu msewu wa 270, ndinayamba ulaliki. Ndinamuuza Esnati mokweza, kuti mawu afike kumbuyo, kuti kabokosi aka kakumva kupuma kwa tayala lililonse, kuti ngakhale oyendetsa ndege ali ndi kotere (sindikudziwa ngati ndi zoona), ndiponso kuti masiku omenya matayala ndi nsapato anatha.

"Uwafunse," anatero apongozi, "kakalira timatani?"

"Uwauze kuti sikalira," ndinayankha.

Kanalira tili pakati pa mlatho wa Potomac. Kulira kwake kunali kosongoka, kobwerezabwereza, kofanana ndi ka makina a kuchipatala odwala akatsala pang'ono kutisiya. Tadala anadzuka n'kuyamba kuthandizira. Pa kabokosi, tayala lakutsogolo la kumanja linkaphethira, nambala itatsika kufika pa 69. Ndinachita mantha, koma pansi pa manthawo ndinali ndi chimwemwe chosaneneka. Kanthu kanga kagwira ntchito, kagwira tayala likuphwa, apongozi akuona.

"Mwaona?" ndinatero. "Pakanapanda aka, sitikanadziwa."

Tinapatuka titangolowa mu Virginia, ndi kuima pamalo omwetsera mafuta. Ndinatuluka ndi pampu ya magetsi imene a Tembo anasiya m'Chinyumba, yakale, yokhala ndi geji ya muvi yoonetsa kuchuluka kwa mpweya. Tayala lakutsogolo linkaoneka la thanzi labwino, lonenepa, lopanda dandaulo. Ndinati m'mtima, umu ndi mmene matenda oopsa amakhalira, saonekera kunja. Kuti upope umayenera kuchotsa kasensa, choncho ndinakamasula. Nthawi yomweyo kabokosi kanakuwa mwamtundu wina, ndipo Esnati anatulutsa mutu pawindo.

"Inu, lakumbuyo la kumanzere, lam'kati, lafika pa ziro."

"Ziro?"

"Ziro. Lafa."

Ndinathamangira kumbuyo, kasensa kali m'manja, ndinagwada, ndinasuzumira. Tayala lam'kati silioneka bwino, limabisala kuseri kwa mnzake, ndiye sindinaone kanthu. M'Chinyumba ndinamva apongozi ayamba pemphero. Iwo akamapemphera safulumira, amayamba ndi kumukumbutsa Mulungu za Aisraeli m'chipululu, kenako amafika pa nkhani. Ndinaganiza kuti ndithane ndi odwala mmodzimmodzi, woyamba kufika ayambe. Ndinabwerera kutsogolo ndi kulumikiza pampu. Geji inaloza kupitirira 80 pang'ono. Ndinaiyang'ana mwachisoni. Geji yakale, ya dzimbiri, yochokera kwa a Tembo, ikutsutsana ndi kabokosi katsopano kobwera pa positi? Ndinaigogoda ndi chala, sinasinthe, ndinaikhululukira chifukwa cha ukalamba. Ndinapopa mpaka muvi unakwera ndithu, poganiza kuti ngati imanama, imanama ndi nambala yofanana. Kenako ndinabwezera kasensa.

"Lauka," anatero Esnati. "Lakumbuyo lija lauka. Lili pa 95."

"Ameni," anatero apongozi, ndipo sanadabwe n'komwe.

Ine ndinaima kukamwa kuli yasa. Tayala lochoka pa ziro kufika pa 95 popanda munthu kulikhudza. Ndinakulira m'tchalitchi, koma zotere ndinali ndisanaonepo. Vuto linali loti 95 ndi mpweya wochuluka kwambiri, pamene lakutsogolo, limene ndinalipopa ndi thukuta langa, linali litatsikira pa 67. Ndinaganiza mofulumira, monga amachitira amuna pamene akazi akuwayang'ana. Lakutsogolo, ndinati, kasensa kake kakuchedwa kumva, kadzazindikira tikayamba kuyenda. Lam'kati ndiye lafufuma, kaya ndi dzuwa, kaya pemphero linapyola muyezo. Lifunika kuphwetsako.

Ndinagona chagada pa simenti yotentha, malaya anga oyera a ulendo ali pansi, ndinalowetsa dzanja pabowo lija ndi kumasula kasensa.

"Lakutsogolo ziro," anatero Esnati.

Ndinadzuka mwadzidzidzi ndipo mutu unakumana ndi chitsulo cha Chinyumba. Ndinaona nyenyezi masana. Ndinkaganiza kuti laphulika chifukwa cha kupopa kuja, koma phokoso sindinalimve. M'kati apongozi anali atabwerera kale m'chipululu. Ndinati popeza ndili pansi kale, ndimalize za kuno. Ndinakanikiza kamtima ka valavu ndi kiyi, mpweya n'kumatuluka, psii, ine ndikuwerenga m'mutu ngati munthu wodziwa chimene akuchita. Nditaona kuti wakwana ndinabwezera kasensa.

"Laukanso," anatero Esnati. "Koma lauka lofooka. 58."

"Uwauze abambo ake a Tadala asataye mtima," anatero apongozi. "Lazaro naye sanatuluke akuthamanga."

Lam'kati linali likadali pa 95, ngati sindinalikhudze. Munthu wanzeru akanakhala pansi pamenepa. Ine ndinapopanso lakutsogolo pang'ono (lam'kati linafa, apongozi anapemphera, linauka lili pa 99), ndinazimitsa kulira kwa kabokosi ndi batani, ndi kulengeza kuti timasensa timafuna kuyenda kuti tikhazikike. Izi sindinaziwerenge paliponse. Zinangotuluka m'kamwa, ndipo zinamveka bwino moti ndinazikhulupirira.

Tinalowa mu msewu wa 66 kulowera kumadzulo. Chiwongolero chinapepuka modabwitsa. Chinyumba chinkadumpha pa kabampu kalikonse ngati mwana wa mbuzi, mapoto akuimba m'kabati, ndipo chinkakokera kumbali mwaulemu, ngati munthu wofuna kukunong'oneza kanthu. Ndinamuuza Esnati kuti galimoto ikamayenda chonchi ndiye kuti injini yatsegula. Maso ake anali pa kabokosi, nkhope ija amavala kuntchito, pakuti Esnati ndi namwino, ndipo akayamba kuyang'ana manambala chete, wina amakhala kuti walakwitsa.

Sitinapite patali. Kabokosi kanayambiranso, lakutsogolo lili pa 49, ndipo kuchokera kumbuyo kunabwera fungo la labala wotentha.

"Uwafunse ngati asiya kanthu pachitofu," anatero apongozi.

Ndinapatukira pa bwalo lalikulu la masitolo cha ku Fairfax. Apa ndi pamene ndinataya ulemu wonse umene ndinausonkhanitsa chikwatirireni. Ndinavula malaya, ndinatsala ndi vesiti. Ndinathamangira kutsogolo kukapopa, Esnati akulengeza pawindo kuti lam'kati lafa. Ndinathamangira kumbuyo kukaphwetsa, akulengeza kuti lakutsogolo lafa. Pampu inatentha mpaka sinkagwirika, muvi wa geji utatsamira kumapeto ngati woledzera pakhoma. Ndinayamba kuseka ndekha, kuseka kuja kumene kumabwera munthu ukatopa, ndikukwawa pakati pa matayala, mafuta ali kumaso, chotupa chikukula pamphumi. Ndinkalankhula ndi matayala. Lakutsogolo ndinalifunsa kuti mpweya wonsewu ukuupititsa kuti. Lam'kati ndinalifunsa kuti ukuutenga kuti.

Apongozi anaona kuti nkhondo yakula, sangaimenyere m'nyumba. Anatsika, anamanga bwino chitenje, anayenda mpaka pa tayala lakutsogolo.

"Uwauze asunthe pang'ono."

Ndinasuntha. Anasanjika dzanja pa tayalalo, anatseka maso, anayamba nyimbo ya maliro ija imene amayi amaimba akamatuluka ndi bokosi m'nyumba, koma mwachangu, ngati ya chikondwerero. Anthu okankha ngolo zogulira zinthu anayamba kuchepetsa liwiro. Mayi wina wachizungu, atanyamula kagalu m'khwapa, anandiyandikira ndi kundifunsa motsitsa mawu ngati tagunda munthu. Ndinamuuza kuti ayi, tikungokonza tayala. Anayang'ana apongozi, anayang'ana ine, anagwedeza mutu mwaulemu ngati munthu amene waphunzira chikhalidwe chatsopano, n'kumapita.

Ndinali nditagwiranso pampu pamene Esnati anatsika, Tadala ali paphewa, kabokosi atakazula pamalo pake.

"Siyani pampuyo," anatero. "Pitani kutsogolo, mumasule."

Ndinamasula.

"Lam'kati ziro. Bwezerani. Lauka. Masulaninso. Ziro. Bwezerani."

Anandichititsa zimenezi ngati mwana wa sukulu ya mkaka, apongozi atasiya kuimba, akuyang'ana. Kenako ananditumiza kumbuyo, ndinachita chimodzimodzi, ndipo lakutsogolo linkafa ndi kuuka motsatira zala zanga.

"Abambo ake a Tadala," anatero Esnati, mawu ali pansi, "mwasinthanitsa odwala. Kuchipatala munthu akamanga chibangili cha dzina pa mkono wolakwika, wa malungo amalandira mankhwala a shuga. Kuyambira pa mlatho paja mwakhala mukupopa tayala labwinobwino, n'kumaphwetsa lodwala."

Ndinakhala pansi pa simenti. Zonse zinabwera pamodzi, mwadongosolo, mopanda chifundo. Geji ya a Tembo inkanena zoona. Lakutsogolo, limene linalibe vuto, ndinalidzaza mpaka linauma gwa ngati mwala wa mphero. Lam'kati, limene linkatuluka mpweya lokha, ndinalithandiza ndi kiyi wanga, kawirikawiri, modzipereka. Ndipo ndinayendetsa mkazi wanga, mwana wanga wakhanda ndi apongozi anga pa msewu waukulu pa matayala amenewo. Kuseka kuja kunatha. Ndinangoyang'ana kaphazi ka Tadala kakulendewera pa mkono wa amake.

"Timasensa munatisunga pati usiku?" anafunsa Esnati.

"M'kathireyi ka mazira. Mwadongosolo. Koma m'mawa ndinakapeza mufiriji."

Esnati anatembenuka pang'onopang'ono. "Amayi, kathireyi kanali patebulo kaja?"

"Ndinakaika ndine. Mazira sagona patebulo kukutentha chonchi. Koma anali opepuka, mazira a kuno alibe kanthu m'kati."

Ine ndi Esnati tinayang'anana. Mlandu sunali wawo, pakuti munthu woika zinthu zofanana m'kathireyi kofanana mbali zonse, osalembapo ngakhale kamzere, sangadandaule za firiji.

Ndinaphwetsa lakutsogolo mpaka geji yonyozeka ija inanena kuti basi. Esnati anabwera ndi sopo wotsukira mbale ndi madzi m'kapu, tinathira pa valavu ya lam'kati, ndipo thovu linafufuma pa kachubu ka labala kotalikitsa kaja. Kanali katang'aluka m'munsi. Ndinapopa lam'kati mmene ndikanathera, tinayenda pang'onopang'ono ngati a ukwati mpaka pa garaja ya matayala imene inali tsidya lina la msewu. Makaniko anandiuza kuti labala wakale sapirira kulemera kwa kasensa kakamagwedezeka pa liwiro, pamafunika mavalavu achitsulo (zimenezi zinalembedwa m'kabuku kamene kanabwera ndi katundu, pa tsamba limene ndinaikapo kapu ya tiyi). Ndiye kuti mlonda amene ndinamulemba kuti alondere mpweya ndi amene anaboola mpanda. Tayalalo linali litapsa m'mbali chifukwa choyenda lophwa, losagwiritsikanso ntchito, ndipo la saizi imeneyo analibe mpaka Lolemba.

Nkhomaliro tinadyera pomwepo, pa bwalo la garaja, makatani titatsegula. Kunja kunali mulu wa matayala akale ndi chikwangwani cha malo otsukira magalimoto. Apongozi anatenthetsa nkhuku pachitofu, anayesa mpope wa madzi kangapo, analowa m'chimbudzi n'kutuluka akupukusa mutu mokhutira, kenako anagona pa bedi la kumbuyo ndi mdzukulu wawo mpaka kukoka mkonono pang'ono. Ine ndinadya, chithaulo chonyowa chili pamphumi. Esnati anadziletsa nthawi yaitali ndithu. Kenako anandiyang'ana, ananong'ona kuti "lafa," n'kugwetsa mutu patebulo, mapewa akugwedezeka. Ndinayesa kukwiya koma zinakanika. Tinaseka mpaka mpunga unalowa njira yolakwika, tikutsekana pakamwa kuti tisadzutse ogona.

Chinyumba chinatsala pa garaja. Takisi inatisiya pa siteshoni ya Vienna, ndipo tinakwera sitima ndi mapoto, mabulangeti, mpando wa mwana ndi chidebe cha mandasi. M'sitima za kuno saloleza kudya, ndipo lamuloli amalitsata ndithu. Tisanafike ngakhale ku Arlington, apongozi anali atatsegula chidebe, akupatsa mnyamata wa tayi amene anakhala moyang'anana nawo. Esnati anawanong'oneza za lamulo. Iwo anati lamulo loletsa munthu wapaulendo kudya analipanga munthu amene sanayendepo, ndipo mnyamatayo anabisa ndasi lake m'thumba la jekete, akuyang'ana uku ndi uku. Tinasintha sitima pakati pa mzinda, ine ndikukwera masitepe ndi poto kumanja, mabulangeti kumanzere, vesiti yamafuta nditaibisa ndi malaya amene kumsana kwake kunali mapu a simenti ya ku Virginia.

Mawa lake linali Lamulungu. Mpingo wathu unkakumana m'holo ya sukulu, Amalawi ndi a ku Zambia pamodzi, ndipo pamakhala nthawi ya maumboni. Ndinali ndikuwerama kufunafuna botolo la mwana pamene ndinamva mawu odziwika pa maikolofoni. Apongozi anali kutsogolo. Anafotokoza za ulendo, za mlatho, za kabokosi kolira. Anati tayala linafa, anapemphera, linauka. Lina linafanso, anapemphera, linauka. Anati mkamwini wawo anagwa pansi pa galimoto, anakhetsa thukuta, anavulala pamutu, osatopa, kumenyera nkhondo banja lake. Za kathireyi sanatchule, za kiyi wophwetsera sanatchule. Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta, wa kiyibodi anagunda kanyimbo. Abusa ananditembenukira.

"Akamwini ali pomwe pano. Bambo, zimenezi n'zoona?"

Ndinaimirira, chotupa chikuwala pansi pa magetsi. Esnati anali ataweramira m'chikwama cha matewera, ndipo chikwamacho chinkanjenjemera.

"Zonse zimene anena amayi," ndinatero, "ndinaziona ndi maso anga."

Sindinaname. Tikutuluka, abambo awiri anandipempha kuti Chinyumba chidzanyamule kwaya popita ku msonkhano wa ku Pennsylvania, poti ndi galimoto yodzozedwa.

Pobwerera kunyumba, m'kagalimoto kathu kakang'ono, tinadutsa maloboti angapo. Kenako apongozi anakonza kukhosi.

"Iwe Esnati, uwauze abambo ake a Tadala kuti ine si mwana. Ndinaona kuti akamasula uku, kukufa uko. Mulungu anatipulumutsadi, pakuti ndi mmene ankapopera muja, tonse tikanakhala nkhani. Koma umboni ndaupereka motero kuti ndiwaveke, pano ndi pakati pa anzawo." Anakonza duku. "Zoona zake ndikazinenera ku Ntcheu."

"Mwamva," anatero Esnati.

Ndinamva. Lolemba ndinaikitsa mavalavu achitsulo, ndinatenga utoto wa zikhadabo wa Esnati ndi kulemba nambala pa kasensa kalikonse, ndipo kuyambira pamenepo kabokosi kakalira ndimayamba ndafunsa geji ndisanakhudze pampu. Phunziro limenelo linalowa. Koma patapita zaka ziwiri, titapita kumudzi ndi Esnati kukaona abale, tinatsika minibasi pa Ntcheu, ndipo bambo wina amene sindinamuonepo chibadwire, wokonza njinga pansi pa mtengo, anandiyang'anitsitsa, anayang'ana mkazi wanga, n'kubisa pampu yake kumbuyo.